Ndigule fulati ku De Waterkant?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ndimagwira ntchito ku Cape Town, ndipo ndapeza fulati yogulitsa ku De Waterkant, m'nyumba yakalekale yokongola. Mtengo wake ndingaukwanitse. Ndisamale chiyani?
Wowerenga, Cape Town

YANKHO: Achimwene, mtengo mwauonawo ndi poyambira chabe. Ku South Africa fulati zotere zimagulitsidwa pa sectional title: chanu ndi m'kati mwa fulatimo, koma denga, masitepe ndi kunja kwa makoma ndi za nonse, ndipo amaziyang'anira ndi a body corporate, bungwe la eni mafulati onse a m'nyumbamo. Mwezi ndi mwezi muzilipira levy, ndalama yosamalira zinthu za nonsezo, kuwonjezera pa msonkho wa khonsolo. Denga likayamba kudontha thumba lawo litauma, amakugwetserani special levy, ndalama ina yapadera, ndipo simungaikane.

Choncho musanasaine, pemphani malipoti a zachuma, maminitsi a misonkhano yawo ndi pulani ya zaka 10 yokonzera nyumba, yomwe lamulo limafuna. Onaninso ngati eni ena akuzemba kulipira. Ine ndimayambira pamenepo, za khitchini yonyezimira zimabwera pambuyo.

Ukalewo ulinso ndi zake. Lamulo la 1999 loteteza zinthu zakale limaletsa kusintha nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kumeneko amapereka ndi a Heritage Western Cape. Mawindo amatabwa aja musaganize zongowazula n'kuikapo a aluminiyamu.

Mukaionenso mu Julayi mvula ikugwa. Gwirani makoma, tsegulani makabati mumve ngati mukununkha chinyezi. Ndipo funsani ngati fulatiyo ili ndi poimika galimoto pake, chifukwa misewu ya kumeneko ndi yopapatiza zedi.