Yamalasha kapena ya dizilo, nayi mbali yanga

Achimwene mwafunsa kuti pa tisitima tathu toseweretsa ta HO (saizi yochepetsedwa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni) iti imakoka mabogi ambiri, yamalasha kapena ya dizilo, komanso za DCC (njira ya dijito yoyendetsera tisitimati) ndi saundi. Za DCC ena akuyankheni, ine ndinena za kukokako basi. 

Pa ndalama yofanana tengani dizilo. Zonsezi mkati ndi mota ya magetsi ya 12V, palibe malasha kapena mafuta, ndiye chimene chimakoka ndi kulemera kumene kwakhala pa mawilo ozunguzidwa ndi mota. Ya dizilo ya masiku ano nthawi zambiri mota ili pakati, mawilo onse 8 kapena 12 amakoka ndipo chasisi yake ndi chitsulo cholemera. Yamalasha ngati 4-6-2 okoka ndi 6 okha, timawilo takutsogolo ndi kumbuyo timangosenza thupi, kenako tenda ija, kabogi ka malasha ndi madzi ka kumbuyo kwake, ikukokedwanso ngati bogi ina musanamangirire kanthu.

Ine yanga yamalasha ndinagula yakale kwa munthu wina wa ku Joni, pa chithunzi yokongola zedi, ndodo za m'mbali zikuoneka bwinobwino. Itafika ndinapeza kuti ndi ya mtundu uja mota ili mu tenda, timphira ta pa mawilo tinali titauma kale, kamodzi kosweka. Pa fulati imayenda, koma ikangofika pokwera mlatho mawilo amangozungulira pamalo amodzi ngati lole yodzadza pa Chiweta mvula ikugwa. Timphirato ku Mzuzu kuno musavutike kufuna, ngakhale mu Taifa simutipeza, ndinadikira mpaka wina abwere nato. Pamene ka dizilo kakale ka kampani ya Lima, kaphokoso ngati chani, mabogi omwewo kamakwera nawo. Zakale zotere ku Joni zimatsikirako mtengo, yamalasha yabwino yatsopano konzekerani ndalama zoposa pamenepo, transipoti padera.

Chenjerani ndi chitunda. Musapyole 2%, kutanthauza masentimita 2 pa mita imodzi, mukafika 4% ngakhale dizilo imayamba kulira. Makona othina nawonso amadya mphamvu, ndipo yamalasha yaitali imagwa njanji pa kona pamene dizilo yadutsa bwinobwino.

Wina wati ingowonjezerani mtovu. Eya zimathandiza, timtovu ta balansi ya matayala a galimoto timakwana, koma tiikeni pamwamba penipeni pa mawilo okoka, osati kutsogolo. Ndipo mukagwira bogi yomaliza ndi chala mawilo azitha kuterereka, akangoima nji mota ikung'ung'udza ndiye kuti mwachulutsa ndipo ipsa.

China, chinyezi cha kuno inu mukuchidziwa. Njanji zachitsulo wamba zimachita dzimbiri msanga, funani za nickel silver, muzipukuta ndi kansalu ka sipiliti, sandipepa ayi. Kontirola ikachokera ku America onani kaye kumbuyo, zambiri ndi za 120V pamene ife tili pa 230V.

Ngati mtima uli pa yamalasha gulani ndithu, imasangalatsa kuonera, koma funsani wogulitsa kuti mota ili mu boila, thupi lenileni la injini, kapena mu tenda, ndipo akutumizireni vidiyo ikukoka mabogi musanatumize ndalama.