Za service yako ikukana kudzuka ija

Eee mphwanga, ndaiona screenshot waponya pa gulupu ija, ndingoyankha pa voice. Ukuti script yako ya Python yopanga backup ya maakaunti a ku shopu ya mayi ako ukaiyendetsa pamanja ndi python3 ikuyenda bwinobwino, koma waiika ngati service pa systemd, pulogalamu ya Linux yodzutsa mapulogalamu ena, kuti izidzuka yokha kompyuta ikayaka, ikungoti failed. Tayang'ana pomwe palembedwa status=203/EXEC. Nambala imeneyo ikutanthauza kuti script yako sinayambe n'komwe, systemd yalephera kuitsegula, ndiye usiye kusinthasintha code ya mkatimo, ilibe mlandu.

Ine ndikuganiza kuti unailemba pa laputopu ya Windows ija kenako n'kuisamutsa pa flash, si choncho? Windows imasiya kachizindikiro kobisika kumapeto kwa mzere uliwonse, amati carriage return, ndi maso sungakaone. Ukalemba python3 wekha sikasokoneza kanthu, n'chifukwa chake pamanja zikutheka, koma service ikamadzuka Linux imawerenga mzere woyamba uja wa #!/usr/bin/python3 n'kuyamba kusaka pulogalamu ya dzina limenelo pamodzi ndi kachizindikiro kaja, ndiye siipeza, basi kugwa pompo. Panga dos2unix pa script yakoyo kuti kachizindikiro kaja kachoke, kenako chmod +x kuti ikhale ndi permission yoyendetsedwa, chifukwa flash ya FAT32 sisunga ma permission.

Koma ine ndikanakhala iwe ndikanatsegula fayilo ya .service ija, yomwe imauza systemd choti idzutse, pa mzere wa ExecStart ndilembe /usr/bin/python3 kenako path yonse ya script kuyambira pa /home, osadula. Ukatero za mzere woyamba zija sizikukhudzanso. Ukasintha usaiwale sudo systemctl daemon-reload kuti systemd iwerengenso fayiloyo, apa ndi pomwe ambiri amataya tsiku lonse, amakonza bwinobwino koma systemd ikadagwirabe zakale.

China, ukaona ikuti start request repeated too quickly usadandaule, systemd yangotopa kuyesa, imasiya yokha service ikadzutsidwa kopitirira ka 5 m'masekondi 10. Panga systemctl reset-failed uyambenso.

Ikakanabe, lemba journalctl -u ndi dzina la service yako kuti uone mauthenga a zomwe zachitika, unditumizire mizere yomaliza yonse, osati pakati pokha ngati muja wachitira. Ndipo chonde usanagone kopera kaye mafayilo a mayi akowo pa flash pamanja, asagone opanda backup pomwe tikulimbana ndi zimenezi. Uwapatse moni.