Achemwali, pa laputopu yodyerapo ikani Mint

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati laputopu yanu ndi ya 2016, ikukana Windows 11, ndipo poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mukufuna kusamukira ku Linux, imene imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows ndipo ili ndi mitundu yambiri. Masana mumatayipira anthu makalata ndi kusindikiza, madzulo mukuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu. Alongo anu akuti pa mitunduyo muike Arch kapena Fedora chifukwa Linux Mint ili ndi mapulogalamu achikale, pamene ena muno akuti Mint yomweyo ndiyo yabwino. Ine ndikuti ikani Mint. Mukafuna, Ubuntu ya LTS (yosamalidwa nthawi yaitali) kapena Debian zingachitenso. Koma alongo anuwo sakunama pa zonse, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwino kuti musankhe mukudziwa chimene mukusankha.

Chisokonezo chimayambira pa mawu akuti stable. Ambiri akamva mawuwa amaganiza kuti akunena kompyuta yosaima, yosazima yokha. Kwa anthu opanga Debian tanthauzo lake ndi lina: chinthu chosasintha. Mukaika lero, LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata, imene mwaipezamo ndi imene mudzakhale nayo chaka chamawa, mabatani ali pomwepo, pulinta ikulankhula ndi kompyuta monga dzulo. Zili ngati khitchini yanu, mmene mchere mumaupeza ngakhale magetsi atazima, chifukwa palibe amene wausuntha usiku. Arch ndi khitchini imene ziwiya zatsopano zimabwera tsiku ndi tsiku, zabwino ndithu, koma nthawi zina mphika umene munauzolowera mumaupeza uli pena.

Debian inayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, ndipo mpaka lero ambiri oyipanga ndi anthu odzipereka. Pulogalamu yatsopano imayamba yalowa m'gawo lotchedwa unstable. Ikakhala masiku angapo osapezeka ndi vuto lalikulu imawolokera ku testing. Pakatha pafupifupi zaka ziwiri amatseka chitseko: kwa miyezi ingapo salandiranso zatsopano, amangokonza zolakwika basi. Zikapsa ndi pamene amatulutsa stable. Debian 12 inatuluka mu Juni 2023, Debian 13 mu Ogasiti 2025. Choncho pulogalamu ikamafika kwa inu imakhala itadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri amene anakumana ndi minga inu musanafike. Mtengo wake ndi umene alongo anu akunenawo, woti pa tsiku lomwe ikutuluka imakhala kale ndi miyezi ingapo, ndipo pofika chaka chachiwiri imaonekadi yokalamba.

Ubuntu inatengedwa ku Debian. Anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena ife kuno. Nambala zake zimatchula chaka ndi mwezi: 24.04 ndiye kuti Epulo 2024. Zaka ziwiri zilizonse mu Epulo amatulutsa ya LTS, imene amaisamalira zaka 5. Pakatipo pamatuluka zina miyezi 6 iliyonse, koma izo moyo wake ndi miyezi 9 yokha, ndipo anthu ambiri amagwa pamenepa. Amatenga ya nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo yabwino, chaka chisanathe n'kupeza kuti yasiya kulandira ma update. Mint nayo imamangidwa pamwamba pa Ubuntu ya LTS. Mint 22 inatuluka mu Julayi 2024 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Fedora imatuluka kawiri pachaka, iliyonse imakhala pafupifupi miyezi 13. Arch ilibe n'komwe nambala zotere. Mumaika kamodzi, kenaka zatsopano zimangobwera osalekeza.

Tsopano nkhani imene ikukuopsani, yoti zachikale ndi zosatetezeka. Apa ndikufuna mumvetse, chifukwa ndaona anthu akuthawa Debian ndi Mint pa mantha opanda pake. Pakapezeka chiboo chimene akuba a pa intaneti angalowerepo, osamalira Debian ndi Ubuntu sadikira zaka ziwiri. Amatenga chigamba chotseka chiboocho ku pulogalamu yatsopano n'kuchisokera pa yakaleyo, osasintha china chilichonse. Nambala ya pulogalamu imaoneka yakale, koma chiboocho chatsekedwa. Chosatetezeka ndi kompyuta imene nthawi yake yoisamalira inatha, kapena imene mwini wake sapanga update. Ndiponso bulawuza, imene ndi khomo lalikulu la kompyuta, saisiya kuti ikalambe: Firefox ya mu Mint imabwera yatsopano nthawi ndi nthawi.

Nthawi zina chatsopanocho ndi chimene chimabwera ndi njoka. Mu Malichi 2024 katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, anaona kuti polowa mu kompyuta yake kudzera pa ssh, njira yolowera mu kompyuta muli kutali, pakuchedwa ndi theka la sekondi. Wina akanangonyalanyaza, iye anafufuza mpaka anapeza kuti mu kapulogalamu kopanikiza mafayilo kotchedwa xz munthu wina anabisamo khomo lakuseri. Munthuyo anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza pa ntchitoyo ngati mnzawo wabwino mpaka atamukhulupirira. Khomolo linali mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo linali litafika kale mu Debian unstable ndi testing, mu Fedora yoyeserera, ndi mu Linux ina yotchedwa openSUSE Tumbleweed. Debian stable, Ubuntu ya LTS ndi Mint sizinakhudzidwe, chifukwa zinali zikadali ndi xz yakale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Komatu sindikunyoza oyenda patsogolowo. Freund anapeza zimenezi ali pa Debian unstable, ndipo pakanapanda anthu olimba mtima ogwiritsa ntchito zosapsazo, khomolo likanafika kwa tonsefe. Timawathokoza. Funso ndi lakuti kodi laputopu imene imakugulirani ufa ndi yoyenera kukhala m'gulu la oyesawo.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Zaka zingapo zapitazo pa kompyuta ya pa shopu yanga ndinaikapo Linux ya mtundu wosintha tsiku ndi tsikuwu, ndipo kwa miyezi inkayenda bwino zedi. Tsiku lina madzulo ndisanatseke ndinayambitsa update yaikulu, chifukwa ndinali nditakhala masabata angapo opanda bandulo yokwanira. Ili pakati, magetsi anathima, ndipo kompyutayo inali ya patebulo yopanda batire. M'mawa mwake ndikuyatsa, sikirini yakuda bii, timizere tiwiri toyera pamwamba, basi. Pa benchi panali patakhala aphunzitsi ena achikulire, fulashi ili m'manja, akudikira mapepala a mayeso a ana oti alembe tsiku lomwelo. Sanandikalipire. Ankangoyang'ana wotchi, kenaka n'kundiyang'ana ine, kenaka wotchi. Patatha mphindi makumi awiri anaimirira, nati, "Mwanawe, ndikayese kwina," n'kutuluka. Ndinakonza cha m'ma 11 koloko, ndikuwerenga malangizo pa foni. Magetsi kuthima pakati pa update kungavulaze Linux iliyonse, ngakhale Windows. Koma update ikakhala yaikulu ndiponso yobwera pafupipafupi, mpata woti tsoka likupezeni pakati umakulanso. Kuyambira tsikulo kompyuta yogwirira ntchito ndinaika yosasintha, ndipo zoyesayesa ndimachitira pa ina.

Za bandulo muziganizirenso. Malangizo ambiri a pa YouTube amachokera kwa anthu amene intaneti yawo ilibe malire, ndipo saganiza n'komwe za megabyte. Pa Arch simuloledwa kusankha kuti lero ndingokonza kamodzi aka, zina zidikire. Eni ake amanena poyera kuti update yatheka saivomereza, muyenera kutenga zonse pamodzi. Ndiye mukafuna kuika kapulogalamu kakang'ono mutakhala mwezi osapanga update, mumapezeka mukudawuniloda katundu yense. Amayembekezeranso kuti muziwerenga nkhani pa tsamba lawo musanapange update, chifukwa nthawi zina pamakhala zoti mukonze ndi manja. Fedora ndi yofatsirapo, koma kamodzi pachaka muyenera kusamuka kupita ku yatsopano, ndipo msamukowo umadya data yambiri.

Pamene alongo anu akulondola ndi apa. Mtima wa Linux, umene amautcha kernel, ndi umene umadziwa kulankhula ndi zipangizo za mkati mwa kompyuta. Munthu akagula laputopu yongotuluka kumene n'kuikamo Linux ya kernel yakale, angapeze Wi-Fi sikuoneka, mawu sakumveka, kapena batire ikutha msanga. Debian 12 ili ndi kernel 6.1, Ubuntu 24.04 inatuluka ndi 6.8, Debian 13 ili ndi 6.12, pamene Fedora ndi Arch zimatsatira yatsopano pafupi kwambiri. Wa laputopu yatsopano, kapena wosewera magemu akuluakulu, Fedora ndingamuuze ndi mtima wonse. Openda zatsopano amene akufuna chitetezo angayesenso openSUSE Tumbleweed, imene imajambula mmene kompyuta ilili isanapange update kuti mubwerere zikavuta. Ndipo Arch imaphunzitsa; amene waiika ndi manja ake amadziwa mkati mwa Linux kuposa ambiri a ife, ndipo Arch Wiki, tsamba lawo la malangizo, ndimaiwerenga ngakhale ndikukonza Debian. Koma laputopu yanu ndi ya 2016. Zipangizo zake kernel inazidziwa kalekale. Phindu lalikulu la kuthamangira zatsopano inu simulipeza, pamene zovuta zake mungazisenze zonse.

Pa Python musadandaule. Mint 22 imabwera ndi Python 3.12, ndipo zonse zimene wophunzira amafuna, kuyambira ma loop mpaka Django yopangira mawebusayiti, zimayenda bwinobwino. Chimene muyenera kuzolowera msanga ndi venv, kuti pulojekiti iliyonse izikhala ndi zida zake pa yokha, osasakaniza ndi Python imene kompyutayo imadalira. Tsiku limene mudzafune pulogalamu inayake yatsopano kwambiri, monga GIMP kapena Inkscape yopangira makadi a ukwati, pali Flatpak. Mu Software Manager ya Mint ilimo kale. Imabweretsa pulogalamuyo ndi katundu wake m'bokosi lakelake, osagwedeza maziko a kompyuta. Dziwani chabe kuti yoyamba imakhala yolemera chifukwa imakoka zida zimene zinzake zidzagwiritsenso ntchito, ndiye muikire pamene pali Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Mwa njira imeneyi pansi pamakhala posasunthika, ndipo chatsopano mumatenga chokhacho chimene mukuchifunadi.

Kunena zoona, chimene chidzakuvutitseni sabata yoyamba si Mint kapena Arch ayi, koma mafayilo a Word a makasitomala. LibreOffice imawatsegula, koma ngati kalatayo inalembedwa ndi zilembo za Calibri ndipo inu mulibe, mizere imasuntha, tsamba limodzi n'kukhala awiri. Ikani zilembo zotchedwa Carlito, zimene zinapangidwa kuti zizifanana kukula ndi Calibri, ndi za Liberation zolowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Musanasindikize CV ya munthu muziyamba mwaiona tsamba ndi tsamba, ndipo amene angathe muziwapempha kuti abweretse PDF.

Musafufute Windows lero. Yambani mwakopera mafayilo anu onse pa hadi disiki ina, makamaka a makasitomala. Kenaka ikani Mint pa fulashi, muyatse laputopu kuchokera pa fulashipo. Imayenda osakhudza chilichonse cha mkati. Muli momwemo lumikizani pulinta yanu musindikize tsamba limodzi, muyese sikana ngati muli nayo, muyese Wi-Fi, mutsegule mafayilo atatu kapena anayi ovuta kwambiri amene munalandirapo. Zonse zikayenda ndi pamene muike. Mukangomaliza kuika tsegulani Timeshift, imene imasunga chithunzi cha mmene kompyuta ilili kuti update ikalakwika mubwerere mmbuyo, koma kumbukirani kuti siisunga makalata anu, amenewo muzikopera panokha. Update muzipanga Loweruka mutaweruka, batire ili yodzaza, osati m'mawa anthu ali pakhomo. Alongo anuwo akafuna kukuphunzitsani Arch, avomereni, koma aike mu VirtualBox, pulogalamu yoyeseramo Linux ina osakhudza yanuyo, kapena pa kompyuta ina yakale, kumene ikagwa palibe amene abwerere osathandizidwa.

Mundiuze pansipa dzina ndi nambala ya pulinta yanu, komanso RAM ya laputopuyo. Mint imabwera m'maonekedwe osiyanasiyana: ngati RAM ndi 4 GB mutenge Mint ya Xfce, ndi yopepuka. Ikakhala 8 GB ya Cinnamon iyenda bwino. Pulintayo ndiyo ndikufuna ndiione kaye musanagule bandulo yodawunilodera.