Mlongo wanga wayamba chamba ku yunivesite, chamulowa n'chani?

Ndalandira imelo kwa achemwali ena, dzina sinditchula. Akuti mlongo wawo wamng'ono ali chaka chachiwiri ku yunivesite, holide yathayi anabwera wowonda, maso psuu, wokwiyakwiya, laputopu akuti inabedwa, kenako anzake anawatsina khutu kuti akusuta chamba komanso akumwa mankhwala a chifuwa. Akufunsa kuti mwana wa kwaya ngati ameneyu chamulowa n'chani, nanga angasiye?

Achemwali, anthu amathamangira kunena kuti ndi anzake oipa. Inde alipo, koma ine ndimaona kuti anzakewo amapeza chitseko chili chotsekula kale. Mwana wachoka ku boding'i komwe belu limamuuza nthawi yodzuka ndi yogona, wafika poti malo ku hosteli ndi ochepa ndiye akupanga lendi kachipinda ngati momwe ambiri amakhalira ku Chikanda ku Zomba kuja, palibe womufunsa kuti wagona kuti, ndalama ya loni ikachedwa kapena ikathera pa lendi akudya kamodzi patsiku, uku kwawo aliyense akumutcha kale bwana. Kusekondale anali namba wani, kuno wapeza aliyense ndi namba wani, wagwa kosi, akuopa kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholakwa mayeso. Angauze ndani? Ndiye pabwera wina n'kumati aise, suta pang'ono mabuku alowe.

Limenelo ndiye bodza lalikulu. Chamba chimasokoneza kukumbukira zomwe wangowerenga kumene, munthu amaona ngati nzeru zatseguka koma mawa m'mayeso mutu uli mbee. Komanso ubongo umakhala ukukhwimabe mpaka zaka 25 kapena chapompo, ndiye woyamba ali wamng'ono n'kumasuta daile, makamaka ngati kumtundu kuli matenda a maganizo, akhoza kuyamba kumva mawu kapena kumaganiza kuti anthu akumulonda. Ena amakagona ku Zomba Mental chifukwa cha zomwezi. Musanamizidwenso kuti chamba anachiloleza, lamulo la 2020 lija ndi la chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, kwa okhala ndi laisensi. Wopezeka ndi kandudu kake amamangidwabe.

Koma chandiopsa kwambiri mu imelo yanu ndi mankhwala a chifuwawo. Ena amakhala ndi codeine, amene ali gulu limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu opha ululu aja, anyamata amathira mu Sprite n'kumamwa ngati zozizilitsa kukhosi. Thupi limazolowera msanga, botolo limodzi limasiya kukwana, akasiya amamva kuphwanya m'thupi, thukuta, kutsekula m'mimba, tulo osabwera, ndiye amabwereranso. Akaphatikiza ndi midoli kupuma kumatsika munthu ali mtulo, ena osadzukanso. Ndipo zimafuna ndalama, laputopu ija mwina sinabedwe ayi.

Kusiya amasiya, koma osati ndi msonkhano wa banja womuzazira pamaso pa amalume. Mukhale naye awiri, mumufunse kaye za magiredi ndi ngongole, nkhani ya chamba ibwera yokha. Mapemphero pitirizani, koma kuchipatalanso mupite naye, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku chipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse gawo la matenda a maganizo. Ngati sukulu yavuta kale akaonane ndi a dean of students, mkulu woona za ophunzira, za kupuma kaye pa zifukwa za matenda asanamuchotse. Pakadali pano fizi ndi lendi muzilipira nokha mwachindunji, osamutumizira yonse pa Airtel Money.