Mwana wanu sanalodzedwe ndi aku Korea, amayi

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3 amatha bandulo poonera masewero aku Korea, amaimba nyimbo zomwe sakuzimva, ndiye akufunsa ngati amulande foni. Amayi, kalata yanu yandikhudza pena pake.

Ine ndinakulira m'mavidiyo sho. Nthawi imeneyo atavuta anali mafilimu aku Nigeria, ndipo bambo anga ankati amenewo ndiwo adzandipulukiritse. Ankandidikirira pakhomo ndi mafunso ngati apolisi. Kenako kunabwera Jumong, sewero la ku Korea la 2006 lija, anyamata atalimasulira m'Chichewa mwa njira yawoyawo, nthabwala zili tho. Amene anayamba kufunsa kuti gawo lotsatira lifika liti anali bambo omwewo! Mayi anga ankachita kuwaitana katatu nsima ikuzizira. Choncho ndikamva makolo akuti za ku Korea zabwera ndi ana a masiku ano, ndimangoseka. Chasintha n'chakuti kale tinkaonera tonse pa benchi, pano mwana akuonera yekha m'bulangete.

Ndipo musaganize kuti kutchuka kwa za ku Koreaku kunangochitika mwangozi. Chuma cha South Korea chitagwa mu 1997, dzikolo linakakongola ndalama ku IMF, ndipo boma la Kim Dae-jung linaona kuti nyimbo, mafilimu ndi intaneti yothamanga ndi malonda ngati galimoto za Hyundai. Linaikapo ndalama. Sewero la Winter Sonata la 2002 linapengetsa amayi a ku Japan, la Dae Jang Geum la 2003 linakafika mpaka ku Iran. Koma chomwe chinagumula mpanda ndi YouTube. Mu December 2012, Gangnam Style ya woimba PSY inakhala vidiyo yoyamba kuoneredwa ka 1 biliyoni, popanda kupempha chilolezo kwa wailesi iliyonse ya ku America. Pa Viki, tsamba la pa intaneti loonerapo masewero, anthu wamba ankamasulira okha masewero m'zilankhulo zawo, mwaulere, chifukwa chongowakonda. Mu 2020 Parasite inatenga Oscar ya filimu yopambana zonse, yoyamba yosakhala ya m'Chingerezi, chaka chomwecho gulu loimba la BTS n'kukhala pamwamba pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Sewero la Squid Game litatchuka kwambiri mu 2021, Netflix inalonjeza mu 2023 kuthira madola 2.5 biliyoni m'mafilimu aku Korea pa zaka zinayi.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawira. Anthuwa agulitsa masewero awo m'chilankhulo chawo, akudya kimchi wawo, akuweramira akuluakulu awo, dziko lonse n'kumawerenga timawu tam'munsi mosadandaula. Ife mwana akalankhula Chichewa pasukulu zina amalipitsidwa. Woimba wathu akafuna kuoneka wotsogola amayamba watafuna Chingerezi. Ndiye tikudabwa kuti mwana akusirira kwa eni? Akusirira anthu osachita manyazi ndi kwawo. Ine mlandu sindikuupereka kwa mwanayo ayi.

Sindikuti zonse n'zokoma kumeneko. Oimba ambiri a K-pop, nyimbo zamakono za ku Korea, amatengedwa ali ana, amaphunzitsidwa kuvina ndi kuimba kwa zaka, ena osatulukira n'komwe. Amawayang'anira kadyedwe ndi kaonekedwe, ndipo nkhope zosalala zija zimatha kupangitsa mtsikana wathu kudziona ngati wosakongola. Zimenezo ndiye muziope, makamaka mukaona akufunafuna mafuta oyeretsa khungu. Nkhani ya mafuta amenewa imandipsetsa mtima payokha, ndidzailemba tsiku lina.

Nanga foni ija?

Musamulande. Adzakaonera ya mnzake, inu n'kutsala mumdima. Muuzeni bandulo ya pamwezi ndi yakuti, ikatha yatha. Foni izigona kuchipinda kwanu masiku a sukulu, poti MSCE ili pakhomo. Khalani naye muonere limodzi gawo limodzi kapena awiri, mudziwe zomwe akuona, chifukwa Squid Game ndi yakupha yokhayokha, si ya ana. Ngati akufunadi chilankhulo cha ku Korea, zilembo zake zotchedwa Hangul zilipo 24 zokha, aphunzire kuwerenga m'malo momangokuwa mawu osawadziwa. Mukatero mundilemberenso, mundiuze sewero lomwe lakukolani inuyo.