Phokoso la pachigayo: 94 dB kwa maola awiri ndi yambiri kale

Achimwene, mwafunsa ngati 94 dB (ma decibel, muyeso wa kukula kwa phokoso) imene foni yanu yaonetsa pafupi ndi chigayo ndi yoopsa, poti mnyamata woyendetsa chigayoyo amangoimapo maola awiri patsiku. Ndi yoopsa ndithu.

Chimagonthetsa munthu ndi kukula kwa phokoso pamodzi ndi nthawi imene wakhalamo. Malire amene bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo cha anthu pantchito, limalimbikitsa ndi 85 dBA (dB yoyezedwa motengera mmene khutu la munthu limamvera) kwa maola 8. Phokoso likakwera ndi 3 dB, mphamvu yake yawirikiza, choncho nthawi imadulidwa pakati: 88 ndi maola 4, 91 maola 2, 94 ola limodzi, 100 mphindi 15 basi. N'chifukwa chake zigayo ziwiri za 90 chilichonse zikamalira limodzi zimafika 93, osati 180.

Tsono kwa mnyamatayo, gawani maola amene wakhala pamalo ndi maola ololedwa pamalopo. Maola 2 pa 94 ndi 200% ya mlingo wololedwa patsiku. Tinene kuti maola 6 enawo amakhala pakhomo polandirira ndalama pomwe pali 82 (pamenepo ololedwa ndi maola 16), ndiye muonjezerepo 37.5%. Zonse pamodzi zapitirira 237%, chimodzimodzi kukhala pa 89 dBA tsiku lonse.

Foniyo musaidalire kwambiri. Maikolofoni yake anaipangira mawu a munthu, ndipo phokoso likakula imatha kuonetsa nambala yotsika. Ngati mungabwereke sound level meter (chida choyezera phokoso), ikani pa A kuti iyeze dBA, osati pa C, muiveke kasiponji kotchinga mphepo, ndipo muyezere pomwe pamakhala khutu la wantchito akamathira chimanga, chigayo chili mkati mogaya. Ambiri amayeza chikulira chopanda kanthu, kapena ataima pakhomo, n'kupeza nambala yonamiza. Musanayambe komanso mukamaliza, iyeseni sound level meter yo ndi calibrator (kachida koonera ngati ikuyeza molondola) yotulutsa 94 dB pa 1000 Hz. Kwa munthu woyendayenda yabwino ndi dosimeter: imamangidwa paphewa pafupi ndi khutu, ndipo imawerengera yokha tsiku lonse, bola isaphimbidwe ndi jekete kapena kugundidwa ndi thumba la chimanga.

Popanda zida, imani motalikirana mita imodzi. Ngati mpaka mukuwe kuti mumvane, mwafika kapena mwadutsa 85. Makutu akamalira poweruka, ndiye zafika poipa.

Mugulireni zotseka m'makutu zenizeni, thonje silithandiza, ndipo azivala nthawi yonse chigayo chikulira, chifukwa kuvula mphindi zochepa pa 94 kumachotsa chitetezo chambiri. Mumangenso mabawuti omasuka, musinthe mabering'i otha, ndipo anyamata azisinthana pamakinapo.