Mabuku a ma fairy ndi anthu a m'laibulale: yankho kwa mchemwali amene anayamba n'kupepesa

Imelo yake inali yaifupi. Mayi wina amene ali mkati mwa maphunziro a digiri yachiwiri wangomaliza kuwerenga *Emily Wilde's Encyclopaedia of Faeries* la Heather Fawcett, ndipo akufuna ena otero: chikondi chikhalemo, ma fairy (zolengedwa zamatsenga zooneka ngati anthu za m'nthano za ku Ulaya) akhalemo, matsenga ake akhale a anthu okonda kufukula zinthu m'mabuku, komanso likhale buku loti munthu n'kuwerenga asanagone mtima uli m'malo. Funso labwinobwino. Koma asanafike pa funsolo anayamba n'kupepesa: "Ndikudziwa kuti si mabuku oti munthu wamkulu azitayirapo nthawi."

Achemwali, mabuku ndikupatsani, musadandaule. Koma kupepesa kwanuko kwandigunda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndatulutsa zakukhosi.

Njira mukudutsayo inenso ndinaidutsa. Pa nthawi imene ndinkalemba kafukufuku wanga, kuwerenga kunasanduka ntchito basi. Buku lililonse ndinkalitsegula pensulo ili m'manja, maso akusakasaka chiganizo choti ndikachitchule m'pepala langa. Ine yemwe ndili mwana ankachita kundilanda buku kuti ndikagone, ndinatha miyezi yambirimbiri osamaliza buku ngakhale limodzi longowerengera kukoma. Chimene chinandibweza ndi chibuku cha Susanna Clarke, *Jonathan Strange & Mr Norrell*, chotuluka mu 2004, masamba pafupifupi 800, cholemera moti ukamachiwerenga chogona dzanja limachita dzanzi. Mnzanga wina anandibwereka chitamukanika. Ndinachitsegula mokayikakayika, n'kupeza kuti chikuyamba ndi kagulu ka amuna a mumzinda wa York, m'chaka cha 1806, amene amadzitcha amatsenga. Amakumana mwezi ndi mwezi kuwerengerana mapepala ataliatali otopetsa a mbiri ya matsenga, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba wachitapo tsenga. Wina atafunsa chifukwa chake matsenga sakuchitikanso ku England, anzake anamuona ngati wopanda khalidwe. Ndinaseka mpaka misozi. Anthu amenewo ndinkawadziwa, ndinkakhala nawo m'masemina.

Tsiku lina chibukucho chinali patebulo langa m'laibulale, pamwamba pa mulu wa mapepala, pamene anadutsa mphunzitsi wina wamkulu wa m'dipatimenti yathu. Anachinyamula, anachitembenuza, n'kuyamba kuwerenga mawu a kuseri kwa chikuto mokweza pang'ono, ndi kamawu kaja kowerengera ana a mkaka. Kenako anachibweza, anachikankha ndi chala chimodzi kuti chitalikirane ndi mapepala anga, n'kunena kuti, "Nthawi muli nayo, eti?" Sanakalipe ayi. Anamwetulira n'kumapita. Anzanga amene anali pafupi anangoweramitsa mitu m'mabuku awo. Kuchokera tsiku limenelo, kwa nthawi yaitali ndithu, mabuku otere ndinkawawerenga nditawakutira pepala kuti chikuto chisaoneke. Ndiye ndikamva munthu wophunzira akupepesa chifukwa cha buku limene lamupatsa tulo tabwino, ndimadziwa kuti wina wake anamukankhirapo buku ndi chala.

Chondipweteka n'chakuti nkhani za ma fairy zinasungidwa ndi anthu a m'laibulale omwewo. Robert Kirk anali m'busa wa mpingo ku Aberfoyle, ku Scotland, munthu wophunzira kwambiri amene anamasulira Masalimo m'chinenero cha Gaelic. Mu 1691 analemba *The Secret Commonwealth*, kufotokoza mwatsatanetsatane zimene anthu a m'dera lake ankanena za ma fairy: matupi awo, zakudya zawo, maukwati ndi maliro awo, mmene munthu angalembere za mtundu wa anthu oyandikana nawo. Chaka chotsatira anamupeza atafa pakaphiri kamene anthu ankati ndi ka ma fairy, ndipo mphekesera inafala yoti sanafe, amutenga chifukwa choulula zinsinsi. Buku lakelo linadzasindikizidwa mu 1815. Katharine Briggs, mayi wa digiri ya udokotala wa zamaphunziro ya ku Oxford, anatha zaka zake akusonkhanitsa nthano zimenezi, ndipo mu 1976 anatulutsa dikishonale yathunthu ya ma fairy. Emily Wilde wanuyo, ndi kope lake ndi pensulo yake pachilumba chozizira cha Ljosland mu 1909, ndi mdzukulu wa anthu amenewa.

Inde, ophunzira ena anapusitsidwa nazo. Arthur Conan Doyle, dokotala, mwini wake wa Sherlock Holmes, anakhulupirira zithunzi za ma fairy zimene atsikana awiri a ku Cottingley, ku England, anajambula mu 1917, mpaka kuzilembera nkhani m'magazini mu 1920. Atsikanawo anadzavomera atakalamba, m'zaka za m'ma 1980, kuti anali mapepala ochita kudula n'kuwaimika ndi mapini a chipewa. Nkhaniyi ndimaikonda, koma taonani ma fairy amene anapusitsa Doyle: titsikana ta mapiko tovinavina pa udzu. A m'nthano zakale za ku Scotland ndi Ireland sanali otero ngakhale pang'ono. Ankaba makanda n'kusiya awo m'malo mwake. Ankatenga woimba kuti akawaimbire usiku umodzi, akabwerera n'kupeza abale ake onse anamwalira kalekale.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse chimene chinakukomerani m'buku la Fawcett, chifukwa mukachidziwa simudzavutika kusankha ena. Dziko la ma fairy limayendera malamulo. Usadye chakudya chawo. Usawauze dzina lako lenileni. Chitsulo amachiopa. Ukasochera m'nkhalango yawo, vula chovala uchivale chotembenuza. Ukapangana nawo kanthu amasunga pangano mpaka pakachilembo kotsiriza, ndipo pakachilembo pomwepo ndi pamene amakukolera. M'dziko lotere mphamvu ya mkono ilibe ntchito. Amapulumuka ndi uja anawerenga nthano mazanamazana n'kusunga mmene iliyonse inathera, uja amawerenga ndi mawu a m'munsi omwe. Emily sadziwa kuwaza nkhuni, sadziwa kucheza ndi anthu, anakhumudwitsa mudzi wonse wa Hrafnsvik atangofika chifukwa choumirira kulipira zimene eni ake ankamupatsa ngati mlendo. Koma muikeni pamaso pa mfumu ya ma fairy, mutu wake umayamba kuyenda. Kwa munthu amene amatha tsiku lonse akulemba zinthu zoti adzawerenga anthu atatu, kuona maphunziro akupulumutsa moyo wa mwana wobedwa ndi chitonthozo chosaneneka.

Ndiye ine sindivomereza zoti buku lotonthoza ndi lopanda zoopsa. Mvula yamkuntho imakoma kuimvera uli m'bulangete, koma iyenera kukhala mvula yeniyeni. Mabuku ambiri amene akutuluka masiku ano ndi dzina loti ndi otonthoza achotsamo mano onse: aliyense ndi wabwino, mkangano uliwonse umatha ndi kukhululukirana pasanathe masamba awiri, ndipo fairy wake ndi kamunthu koseketsa kokhala pawindo. Amenewo sandigonetsa, amangonditopetsa. Mbali inayo kuli mabuku amene fairy wake ndi mwamuna wamadzitho wa mapiko, wa zaka 500, amene ntchito yake ndi kulusa ndi kuvula malaya. Mukangolemba pa intaneti kuti mukufuna chikondi ndi ma fairy, woyamba kukuponyerani ndi *A Court of Thorns and Roses* la Sarah J. Maas, la mu 2015. Lili ndi okonda ake mamiliyoni, sindikuwanyoza, koma muli kuzunzana, magazi ndi nkhondo, ndipo laibulale imangodutsidwa. Si limene mwafunsa. Mwamuna wokongola wa makutu osongoka sakwanira kukhala fairy. Fairy weniweni uyenera kumuona kuti saganiza ngati munthu: Wendell Bambleby, mnzake wa Emily m'buku la Fawcett, ndi waulesi, wokonda zovala zabwino, amasoka makatani ndi kukonza m'nyumba, koma akakwiya mumaona chinthu china chake chimene si munthu, ndipo Emily amachiona n'kuchilemba m'kope.

China chimene chimandikwiyitsa, ndipo pa ichi sindisintha maganizo: mkazi wophunzira amene maphunziro ake amathera pa kisi woyamba. Mutu 1 akutiuza kuti ndi katswiri, wavala magalasi, zala zili ndi inki. Pofika mutu 10 kafukufuku uja sakutchulidwanso. Wolemba wotere maphunziro anawaona ngati chovala chongomuveka mtsikana kuti aoneke wosiyana. Ine ndikagwira buku la mtunduwu ndimatsegula chakumapeto, osati kuti ndidziwe mathero, koma kuona ngati mayiyo akadali ndi funso limene likumusowetsa tulo kupatula la mwamuna. Ngati alibe, ndimalibweza pashelefu.

Tsopano mabuku aja

Poyamba malizani a Fawcett omwewo: *Emily Wilde's Map of the Otherlands* la mu 2024, limene likuchitikira m'mapiri a Alps ku Austria, ndi *Emily Wilde's Compendium of Lost Tales* la mu 2025.

Mukatero tengani *Half a Soul* la Olivia Atwater. Dora ali mwana, fairy wina anamulanda theka la mzimu wake, ndiye samva mantha kapena manyazi, amangolankhula zimene akuganiza pakati pa anthu apamwamba a ku London a m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Akumana ndi Elias Wilder, wamatsenga wamkulu wa boma, munthu wamwano amene nkhondo inamusiyira mkwiyo, ndipo akufufuza nthenda yogonetsa ana m'nyumba zosungiramo amphawi. Chimene ndimalikondera n'chakuti mkwiyo wa Elias bukuli siliutenga ngati matenda oti chikondi chichize. Akulondola kukwiya. Ndi lalifupi, lopepuka, ndipo mwa onse ndi limene ndingakupatseni usiku umene mutu watopa.

*Sorcerer to the Crown* la Zen Cho, wolemba wa ku Malaysia, la mu 2015, ndi limene lili ndi ndale za m'dipatimenti zenizeni. Zacharias Wythe, munthu wakuda amene anabadwira mu ukapolo, ndiye mtsogoleri wa bungwe la amatsenga a ku England, ndipo anzake ophunzirawo akumukumbira dzenje usana ndi usiku, uku matsenga ochokera ku dziko la ma fairy akuphwa. Kenako akumana ndi Prunella pasukulu ina imene atsikana amaphunzitsidwa kubisa mphamvu zawo. Prunella sapempha chilolezo kwa munthu. Chikondi chake n'chapang'onopang'ono, chimachita kukudzidzimutsani kumapeto.

Margaret Rogerson ali ndi awiri, ndipo anagawa zimene mukufuna pakati. *An Enchantment of Ravens*, la mu 2017, ndi la ma fairy: iwo sangapange kanthu ndi manja awo, ngakhale kuphika kapena kulemba, ndiye amagula luso la anthu n'kulipira ndi matsenga. Isobel, wojambula zithunzi, amadziwa kuti wopempha kukongola amalira nako, choncho iye amapempha zinthu ngati nkhuni ndi nkhuku zoikira mazira, ndipo liwu lililonse la pangano amaliyeza kaye. Ndi nzeru yomwe ija ya Emily. *Sorcery of Thorns*, la mu 2019, ndi la laibulale: mabuku ake ndi amoyo, amanong'ona, amaluma, ena amamangidwa ndi unyolo. Ma fairy mulibe. Onsewa analembedwera achinyamata, koma musapepesenso.

Opanda ma fairy koma okhala ndi ofufuza: *The Spellshop* la Sarah Beth Durst, la mu 2024, la woyang'anira laibulale amene akuthawa moto ndi mabuku a matsenga m'boti, mnzake ali chomera cholankhula. Ndi lofewa kwambiri, mwina mopitirira kwa ine. *The Ornithologist's Field Guide to Love* la India Holton, la chaka chomwecho, ndi la mapulofesa awiri opikisana kusaka mbalame yamatsenga, nthabwala zokhazokha. *A Natural History of Dragons* la Marie Brennan, la mu 2013, ndi loyamba mwa mabuku asanu a mayi wofufuza zinjoka, ndipo mayi ameneyu ntchito yake saisiya mpaka ukalamba.

Chibuku cha Clarke chija musachiyambe mukufuna chikondi chotsekemera, muli chochepa ndipo sichithera mmene mungafunire. Koma fairy wake, bambo wa tsitsi loyera amene anatenga kachala kakang'ono ka mayi wina dzina lake Lady Pole n'kumamuvinitsa usiku uliwonse mpaka kufooka, uku akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akumukomera mtima, ndi fairy woopsa kuposa onse amene ndinawerengapo. Chisungeni mpaka mutapereka pepala lanu.

Lotsiriza ndi *Tam Lin* la Pamela Dean, la mu 1991, lochokera pa nyimbo yakale ya ku Scotland ya mtsikana amene analanditsa bwenzi lake m'manja mwa mfumukazi ya ma fairy. Dean anaisamutsira ku koleji ina yopeka ya ku Minnesota m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali yaikulu ya bukuli ndi ophunzira akusankha makosi, akukangana ndi anzawo a m'chipinda, akuonera masewero ndi kulakatula Shakespeare ndi Keats pamtima. Ambiri amalisiya panjira ati palibe chikuchitika. Mukafika pomva choncho, yambani kuyang'anitsitsa anyamata a dipatimenti ya Classics, ya zinenero zakale za Chigiriki ndi Chilatini, ndipo mudzifunse kuti kodi ali ndi zaka zingati.